Foni ya Amake Takondwa Inali M'thumba Mwanga

Ndinadzuka kusanache chifukwa foni inali kunjenjemera pachifuwa panga. Ndinali nditagona chokhala pa sofa yathu, imene anyamata anaitulutsa panja tsiku loyamba la maliro kuti azimayi apeze malo m'nyumba. Tenti inali italemera ndi madzi a mvula pakati, ndipo wina anali ataichirikiza ndi chitsulo chochokera ku shopu yanga. Moto unali utatsala makala okhaokha. Amuna anali atagona mozungulira motowo, ena pamipando ya pulasitiki, ena pamatumba, zipewa zitaphimba kumaso. M'nyumba azimayi a kwaya anali ataleka kuyimba. Ndinkangomva mmodzi akutsokomola.

Ndisanakumbukire pamene ndinali, ndinatembenuka kuti ndimudzutse mkazi wanga. Mawu anali kale pakamwa, omwe aja ndinkanena nthawi zonse: amake Tako, ana ako akulira. Dzanja langa linagwira phewa la mng'ono wanga, amene anagona pambali panga. Ndinalichotsa asanadzuke.

Mkazi wanga Tikambenji anamwalira kumayambiriro kwa sabata imeneyo. Ankayanika zovala kuseri kwa nyumba yathu ku Kalingalinga. Anati mutu ukumupweteka ngati wina wamumenya ndi mtengo, nakhala pansi pa ndowa. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Sanalankhulenso. Nesi atandipatsa katundu wake, munali chitenje, nsapato ndi mafoni awiri. Foni yake ndinapereka kwa mng'ono wake kuti aziuzira abale za maliro. Ya kuntchito, yakuda, yosweka pakona, ndinaiika m'thumba la m'kati la jekete langa, ndipo sindinauze munthu.

Ine ndine wowotcherera zitsulo. Ndimapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi m'mbali mwa msewu waukulu. Ndi kumeneko kumene ndinamuonera koyamba. Anatsika minibasi atanyamula kanthu koyera, kooneka ngati bowa wamkulu, nati akufuna chitsulo cholimba chogwirira kanthuko padenga la nyumba yayitali ya m'tauni, choti mphepo isachigwedeze ngakhale pang'ono. Anzanga anamuuza mtengo osafunsa zambiri. Ine ndinafunsa kuti kanthuko n'kantchito yanji. Anati kamamvera nthawi kuchokera ku makina oyenda mumlengalenga. Ndinaseka, ndikuganiza kuti akundinyoza.

Tsiku lokamanga chitsulocho tinakwera tonse padenga, ndipo anandifotokozera ali chigwirire mabauti anga m'manja. Ankagwira ntchito pa kampani yaing'ono yosamalira makompyuta a anthu ogulitsa ndi kugula masheya. Anati pamsika umenewo anthu sakumana maso ndi maso. Aliyense amatumiza pa kompyuta kuti ndikufuna kugula, kapena ndikufuna kugulitsa, ndipo kompyuta imadinda nthawi imene mawuwo afika. Anthu awiri akafuna masheya omwewo, amatenga ndi amene wayamba. Koma makompyuta ndi ambiri, iliyonse ili ndi wotchi yake m'kati, ndipo mawotchiwo amathamanga kapena kutsalira pang'onopang'ono, makamaka kukatentha kapena magetsi akamazimazima. Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anandifunsa ngati ndinaimapo pamzere wa pampopi. Anati ndiganize kuti aliyense pamzerepo ali ndi wotchi yake, ndipo aliyense akulumbira kuti chigubu chake ndicho chinafika choyamba. Ntchito yake inali yakuti makompyuta onse azimvera wotchi imodzi yaikulu, ndipo wotchiyo izimvera kabowa kamene ine ndinali kumangirira. Kusiyana kwa kachigawo ka sekondi, kochepa kuposa kuphethira, kunali kokwanira kuti munthu alandidwe malo ake.

Kompyuta imodzi ikayamba kusiyana ndi zinzake, foni yakuda ija inkanjenjemera. Sankasiyana nayo, ngakhale pochapa ankaimanga pakona pa chitenje. Makompyutawo ankawatcha ana ake a kutauni. Ikalira, ankaiyang'ana ndi diso limodzi n'kunena kuti, “Mmodzi wasochera.” Nthawi zina ankakonza ali pabedi pomwepo. Nthawi zina ankavala msangamsanga, ine n'kumuperekeza kumsewu kuti akafike msika usanatsegulidwe.

M'mawa umenewo ndinaitulutsa pang'ono m'jekete, ndikuibisa ndi dzanja. Panali mzere wofiira ndi manambala amene sindinawamve. Ndinaibwezera m'thumba.

Kunja kutayamba kuyera, azimayi anatuluka mmodzimmodzi kukasonkha moto kuseri. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkakwawa pansi, kulowa mu tenti. Anaika migolo ya madzi pamafuwa a njerwa. Ena ankasankha nyemba, ena ankadula kabichi m'mabeseni. Ambiri mwa ophikawo anali aneba athu a Chibemba. Kuno ku Lusaka, pamaliro a munthu wa Kum'mawa, Abemba ndiwo amagwira ntchito zolemera, ndiponso ali ndi ufulu wotiseka, kutipaka ufa ndi kutilankhula mmene afunira. Timati chimbuya, ndipo mbuya wako sumukwiyira. Mtsogoleri wawo anali mayi wina wamkulu thupi wa nyumba yoyang'anizana ndi yathu, amene amagulitsa malasha. Anandibweretsera tiyi m'kapu ya chitsulo, naima pomwepo mpaka nditamwa. Ine ndekha sanandiseke tsiku limenelo.

Njira yathu inali matope okhaokha. Anyamata anaponya njerwa m'madzi kuti anthu azipondapo, ndipo ndinkaona olira akubwera mondondozana, atakweza zitenje ndi mabuluku, akudumpha kuchoka pa njerwa ina kufika pa ina. Azimayi akafika pafupi ndi geti ankayamba kulira mokweza, a m'nyumba n'kuwayankha. Anabwera a ku tchalitchi mu yunifomu yawo. Anabwera anzanga owotcherera zitsulo, atavala masuti amene sindinawaonepo nawo, maso awo ali ofiira monga mwa masiku onse. Anabwera amene anaphunzira ndi mkazi wanga ku sekondale, ochokera ku Mtendere ndi ku Chainda. Aliyense ankagwada, kundigwira dzanja, kunena pepani, n'kupita kukakhala. Wamasiye sadzuka, satumikira, safunsidwa kanthu. Amangokhala n'kumaona.

Abale a mkazi wanga anali atafika kale kuchokera ku Katete. Apongozi anga aakazi anali m'nyumba pa matilesi, ndi mwana wathu Takondwa pambali pawo. Zonse ankayendetsa ndi amalume ake a Tikambenji, bambo wowonda, wa imvi, amene anamulipirira sukulu atate ake atamwalira. Si munthu woipa. Tsiku limene anafika analowetsa katundu yense wa malemu m'chipinda chathu chogona, natseka ndi loko, kiyi naika m'thumba. Anatero pamaso pa onse kuti pasadzakhale wonena kuti chakuti chasowa. Ine ndinavomera.

Dzuwa litatuluka pang'ono m'mitambo, anafika a kuntchito kwa Tikambenji. Galimoto anaisiya kumsewu chifukwa cha matope. Mmodzi ndinamudziwa, Chanda, mtsikana wa Chibemba wa ku Kitwe amene mkazi wanga ankamuphunzitsa ntchito. Anabwerapo kwathu kangapo kudzadya Lamlungu. Anali atamanga chitenje pamwamba pa zovala za ku ofesi, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene sanagone. Anagwada pamaso panga, nandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinaona kuti ali ndi china choti anene. Anayang'ana amuna amene anandizungulira, nadzuka.

Patapita kanthawi ndinamva mawu ake kuseri kwa tenti. Ankalankhula ndi amalume, ndipo pakati pa iwo ndi ine panali nsalu yokha.

“Ba tate, pepani maningi, si siku yokambilamo vaso. Koma kuli foni ya ku nchito yamene benze nayo ba Tika. Tiifuna chabe iyo.”

“Katundu wa malemu ndatsekera,” anatero amalume. “Palibe chotuluka m'nyumba muno mpaka banja likhale pansi.”

Chanda anafotokoza modekha. Anati kompyuta imodzi yayamba kutsalira chiyambire mvula ya mphezi imene inagwa sabata imeneyo, ndipo kuti alowe m'makina a wotchi yaikulu pamafunika nambala imene imabwera pa foni imeneyo yokha. Anati kusintha zimenezo kumatenga masiku. Pakali pano ankangoyang'anira ndi maso, mosinthana, koma kusiyanako kukakula adzayenera kuuza ogulitsa masheya kuti ayambe aima.

“Mwana wanga, ine za makina anuwo sindizidziwa, ndipo sindikuti mukunama,” anayankha amalume. “Koma ndikatsegula chitseko chija lero chifukwa cha inu, madzulo ano wina adzati nditsegule chifukwa cha iye. Tiyeni tiyambe taika mnzanuyo.”

“Namvela, ba tate,” anatero Chanda.

Dzanja langa linali pachifuwa. Ndikanatha kudzuka n'kuthetsa nkhaniyo ndi mawu awiri. Sindinadzuke. Chipinda chathu chinali chotseka, zovala zake zinali m'matumba, ndipo mawa lake abale anali oti agawane zonse, mpaka nsapato. Chimene chinatsala m'manja mwanga chinali foni imeneyo. Siinali ndi zithunzi zake kapena mawu ake. Koma ikanjenjemera, thupi langa linkakhulupirira kuti ali pafupi ndipo adzuka tsopano. Sindinafune kuti zimenezo zithe tsiku lomwelo limene ankamukwirira.

Amene anapita kukatenga thupi ku mochale anatumiza mawu kuti anyamuka, ndipo tinauyamba wa ku tchalitchi. Anandikweza m'galimoto ya mnzanga, mng'ono wanga mbali ina, mlamu wanga mbali ina. Tchalitchi chathu n'chaching'ono, cha malata, ndipo chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Bokosi linali loyera. Zimene abusa analalikira sindizikumbukira. Ndimakumbukira kuti denga linkadontha pamalo amodzi, ndipo mayi wina ankasuntha mbale ndi phazi kuti madzi agweremo.

Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anayenda mozungulira bokosi, ife abanja tinali omaliza. Anamuveka diresi ya buluu imene anasoketsa pa ukwati wa mng'ono wake. Anamupaka ufa wambiri kumaso, iye amene sankadzola kanthu koma mafuta. Pakati pa nsidze zake panali posalala. Nthawi zonse pamenepo pankakhala kamzere, chifukwa chozolowera kuyang'anitsitsa manambala ang'onoang'ono. Ndinafunafuna kamzereko osakapeza. Takondwa anamukweza azakhali ake kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali osalira, kenako anabisa nkhope m'khosi mwawo.

Ulendo wa kumanda unali wautali chifukwa cha madzi m'misewu. Patsogolo panali galimoto ya bokosi, kenako ife, kenako maminibasi ndi malole awiri odzaza anthu choimirira, onse atayatsa nyali zothwanima. Kwaya inkayimba mu lole, ndipo nyimbo inkatifika mwa apo ndi apo, monga mphepo inkafunira. M'mbali mwa msewu ogulitsa tomato ankaleka kuitana makasitomala mpaka titadutsa. Bambo wina wokankha wilibala anaima navula chipewa. Pamphambano ina tinaima nthawi yaitali, ndipo kutali ndinaona nsonga za nyumba zazitali za m'tauni. Sindinathe kudziwa kuti ya denga lija ndi iti. Titalowa msewu wa ku Leopards Hill kunayamba kuwaza kamvula kopyapyala.

Kumanda tinapeza maliro ena atatsogola, ndipo ena ankabwera pambuyo pathu. Makwaya ankayimba nyimbo zosiyana nthawi imodzi, ina m'Chinyanja, ina m'Chibemba, ina m'Chitonga. Dothi linali lofiira, lomata ku nsapato. M'dzenje munali madzi, ndipo ambuya athu awiri anatsikiramo ndi ndowa kukawakapa, uku akutinyoza kuti anthu a Kum'mawa timasankha kufa nthawi ya mvula kuti tiwavutitse. Anthu anaseka pang'ono. Ngakhale apongozi anga anapukusa mutu.

Atatsitsa bokosi ndi kukwirira, mlamu wanga anawerenga mbiri ya malemu: kumene anabadwira, sukulu zimene anaphunzira, ukwati wathu, mwana mmodzi. Za ntchito anangoti ankagwira ya makompyuta. Kenako anaitana woimira a kuntchito. Abwana awo anakankhira Chanda patsogolo.

Sanalankhule zambiri. Anati sabata yake yoyamba pantchito anapeza wotchi ya kompyuta ina itathamanga, ndipo anafuna kuibweza m'mbuyo nthawi imodzi kuti ifanane ndi zinzake. Tikambenji anamugwira dzanja asanadinde. Anamuuza kuti msika uli m'kati wotchi suibweza m'mbuyo, chifukwa amene wagula tsopano adzaoneka ngati anagula kale, ndipo mzere wonse udzasokonezeka. Umaichedwetsa pang'onopang'ono mpaka zinzake ziipeze. Anati anakhala naye tsiku lonse akuyang'anira wotchiyo, osapita kukadya, ndipo madzulo anamugulira chimanga chootcha pa siteshoni. Atafika pa chimangacho mawu anamuthera, ndipo mnzake anamugwira n'kumubwezera m'gulu.

Nkhani imeneyo sindinaimvepo. Chimanga ndinkachidziwa, chifukwa ankabwera nacho kunyumba chodya theka, atakulunga m'makoko ake. Koma za tsiku limenelo sanandiuzepo. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za masiku onse amene ankatuluka m'mawa n'kubwera madzulo, ine n'kumufunsa kuti kunali bwanji, iye n'kuyankha kuti kunali bwino. Ndinafuna kumufunsanso, tsiku ndi tsiku, kuyambira pachiyambi, kuti andiuze zonse bwinobwino.

Anayamba kuitana oika nkhata za maluwa. Woyamba ndinali ine. Ndinagwada m'matope, ndinaika nkhata kumutu, ndipo ondigwira anandidzutsa. Kenako anaitana mwana. Takondwa anabzala duwa lake limodzi m'dothi, nabwerera, koma sanapite kwa azakhali ake. Anabwera kwa ine. Ndinagwadanso kuti ndimukumbatire, mutu wake uli pachifuwa panga, ndipo nthawi yomweyo foni inanjenjemera.

Ndinamva thupi lake likuuma. Anadzutsa mutu nandiyang'ana.

“Ba dadi, ni foni ya ba mami,” ananong'ona.

Ndinavomera ndi mutu.

“Umozi asoba?”

“Ee.”

Inanjenjemeranso, ife tili chigwirane. Anthu ankapitiriza kuitanidwa, abale a kuchimuna, abale a kuchikazi, a tchalitchi. Takondwa anaika dzanja lake pa jekete langa, pamwamba pa foniyo, mpaka inaleka.

“Manje azamusakila ndani?” anafunsa.

Azakhali ake anabwera kudzamutenga.

Tinabwerera kunyumba. Kwaya siinayimbenso. Pageti la nyumba anali ataika mabeseni a madzi, ndipo aliyense ankasamba m'manja asanalowe. Anthu anakhala m'magulumagulu kudya, amuna mu tenti, azimayi m'mbali mwa khoma ndi m'nyumba za aneba. Mbale inaikidwa patsogolo panga. Ndinauza mng'ono wanga kuti ndikufuna kupita kuseri, ndipo akandiitanire mtsikana wa kuntchito uja.

Kuseri waya woyanikira unali pomwepo, ndi zopanira zovala zili lende. Chanda anabwera akupukuta manja pa chitenje. Ndinatulutsa foni. Inali yofunda chifukwa cha thupi langa.

“Inali ndi ine,” ndinatero. “Ndinamva zonse m'mawa muja.”

Anaiyang'ana, nandiyang'ana ine. Sanatambasule dzanja msanga.

“Ba Daka, nenze naganiza,” anatero. “Pamene ninagwada kuseni, ninaimvela.”

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati sakanatha kuichotsa m'thumba mwa mwamuna wa mwini wake pamaso pa anthu. Pamenepo ndinaiika m'manja mwake. Anaitsegula, nawerenga mzere wofiira uja, ndipo pakati pa nsidze zake panabwera kamzere. Ndinayang'ana kumbali. Anaimbira mnzake amene anatsala ku ofesi, namuwerengera nambala, nalankhula naye mawu a ntchito amene sindinawatsate. Atamaliza anapuma mpweya wautali.

Ndinamufunsa ngati ndi chitsulo changa chagwedezeka ndi mphepo. Anati ayi, chitsulocho chikadali cholimba, vuto lili m'kati mwa kompyutayo. Koma anati chayamba dzimbiri m'munsi, ndipo Tikambenji ankanena kuti adzandiuza ndikachipake penti mvula ikatha.

“Sanandiuze,” ndinatero.

“Benze kuyembekeza mvula isile.”

Ndinamuuza kuti ikatha adzandiitane.

Sitinaone kuti amalume anali ataima pakona pa nyumba. Anali atabwera kudzandifuna, ndipo anaona foni m'manja mwa Chanda. Nkhope yawo inasintha. Anayamba kunena kuti iwo analankhula pamaso pa anthu, ndipo mkamwini wawachititsa manyazi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma mayi wa malasha uja anali pafupi, akutsuka mapoto. Anadzuka, anatapa ufa m'thumba ndi manja onse awiri, nawapaka amalume kumutu, kumaso, mpaka pa jekete.

“Ni ine mbuya wanu natenga foni,” anatero. “Napasa mwana wanga uyu wa ku Kitwe. Ngati muli na mulandu, mukambe na ine.”

Azimayi ophika anaseka. Amalume anaima ali mbuu, akuphethira, ufa ukugwa m'nsidze. Anayesa kuumitsa nkhope koma anakanika. Anapukusa mutu, nati Abemba ndi akuba chibadwire, ndipo mayiyo anayankha kuti ndiye chifukwa chake timawakwatira. Chanda anagwada, nathokoza, nanyamuka mothamanga kudumpha njerwa zija. Amalume anatsala ndi ine. Anadzipukuta ndi kansalu, osandiyang'ana.

“Mukanandiuza, mwana wanga,” anatero. “Inenso ndinasunga chipewa cha akazi anga chaka chathunthu.”

Madzulo anthu anayamba kuchepa. A tchalitchi anapemphera natsanzika. Eni mipando anabwera kudzatenga mipando yawo, aneba anazindikira mapoto awo mmodzimmodzi. Anyamata anagwetsa tenti, madzi amene inasunga anakhuthukira pabwalo, ndipo pamene panali moto panatsala bwalo lakuda la phulusa. Anabwezera sofa m'nyumba, koma anaiika mbali ina, osati pamene inkakhala. Abale a ku Katete anagawidwa kukagona kwa achibale ku Mtendere, kuti abwerenso m'mawa kudzakhala pansi. M'nyumba tinatsala ine, mwana, apongozi ndi mng'ono wake wa malemu. Magetsi anali atazima, tinayatsa kandulo.

Apongozi anagona msanga, atatembenukira kukhoma. Ine ndinakhala pakhomo. M'nyumba munkanunkha utsi ndi matupi a anthu ambiri, ndipo pansi panali matope ouma a mapazi awo. Kwa aneba wina anatsegula wailesi motsitsa, koyamba sabata imeneyo.

Mlamu wanga anakhazika Takondwa pakati pa miyendo yake, natenga chipeso. Tsitsi la mwanayo linali lolukidwa mizere yopita kumbuyo, koma mizereyo inali itafutukuka, ndipo munalowa fumbi ndi phulusa. Atangogwira nsonga ya mzere woyamba kuti amasule, Takondwa anaphimba mutu ndi manja onse awiri.

“Osamasula. Ni ba mami bananiluka.”

Mlamu wanga anamunyengerera kuti lada, ndipo amuluka lina lokongola kuposa limenelo. Mwanayo sanachotse manja. Mlamu anandiyang'ana, misozi ili m'maso, nati mwana wamkazi amafuna manja a azimayi, ndipo nkhani ya amene amulere iyenera kukambidwa mawa.

“Lisiyeni, alamu,” ndinatero. “Likhale mpaka atafuna yekha.”

Anaika chipeso pansi napita kukagona pafupi ndi amayi ake. Takondwa anabwera kudzakhala pakhomo pambali panga. Tinakhala tikumva achule m'ngalande. Ndinaika dzanja pamutu pake. Pansi pa tsitsi lofutukukalo mizere inali ikadamveka, yolimba, yoongoka, monga mmene zala za amayi ake zinaikokera.

“Ba dadi, muziba kuluka?”

“Iyayi. Niziba chabe nsimbi.”

Anaganiza pang'ono. Kenako anatenga chala changa, chokhakhala ndi zipsera za moto, nachiyendetsa pamzere umodzi kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, pang'onopang'ono.

“Bamayambila apa,” anatero.